Amisiri Ogwada pa Msewu wa ku Roubaix

Kumpoto kwa dziko la France, kufupi ndi malire a Belgium, kuli timisewu ta m'minda timene woyendetsa galimoto aliyense angatinyoze, koma eni dera amatisamala ngati chuma cha makolo. Ndi timisewu ta miyala yosema, toyalidwa kalekale kuti ngolo za alimi ndi za kumigodi zisamatitimire m'matope. Kumeneko amatitcha pavé. Chaka ndi chaka m'mwezi wa Epulo, mpikisano wa njinga wa Paris-Roubaix umadutsa zigawo pafupifupi 30 za timisewu timeneti, makilomita oposa 50 a miyala yokhayokha pa ulendo wa makilomita pafupifupi 260. Ulemu wonse umapita kwa opalasa, ndipo akuyeneradi. Koma ine mtima wanga uli pa anthu ena, amene amagwada pansi kunja kukuzizira, nyundo kumanja, n'kumazula mwala umodziumodzi ndi kuubwezera pamalo pake.

Ntchito yawo ndi yovuta mwa mtundu wakewake. Wokonza msewu wina aliyense amafuna kuti pasalale. Awa ayi. Akasalaza, aupha mpikisanowo. Akausiya msewu kuti uwonongeke mmene ukufunira, munthu athyoka khosi. Ayenera kusiyanitsa kukhakhala kumene kuli chibadwa cha msewuwo ndi kuwonongeka kumene kwadza ndi madzi ndi mathirakitala, n'kuchotsa kwachiwiriko osakhudza koyambako.

Pamene mpikisanowu unkayamba mu 1896, pomwe anapambana Josef Fischer wa ku Germany, panalibe amene ankasakasaka miyala. Misewu ya kumpotoko inali yotero basi. Zinthu zinasintha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mafumu a mizinda ankaona miyalayo ngati chizindikiro cha umphawi, ndipo sankafuna kuti dziko lonse lizionera midzi yawo ili choncho. Anayamba kuthira phula paliponse, moti pofika zaka za m'ma 1960 mpikisanowu unatsala pang'ono kufanana ndi ina yonse. Okonza mpikisano anatuma Albert Bouvet, amene kale anali wopalasa njinga, kuti akafunefune miyala yotsala m'njira za alimi. Amene anamuonetsa malo oposa onse anali Jean Stablinski, katswiri wa dziko lonse mu 1962, mwana wa anthu ochokera ku Poland, yemwe ali mnyamata anagwirapo ntchito mumgodi wa malasha m'dera lomwelo. Iye ankadziwa kanjira kowongoka kodula pakati pa nkhalango ya Arenberg, kotalika mamita 2,300. Kanalowa mu mpikisano mu 1968, ndipo lero chipilala chokumbukira Stablinski chili pakhomo pake.

Miyala ya ku Arenberg ndi ikuluikulu, yosasemedwa bwino, yotalikirana. Nthaka ya pansi pake inafooka ndi migodi, mitengo imatchinga dzuwa, ndiye ndere ndi udzu zimamera m'mipata. Mu 1998 Johan Museeuw wa ku Belgium anagwa pamenepa n'kuphwanya bondo, bala linavunda moti anatsala pang'ono kudulidwa mwendo. Mu 2005 chigawochi anachichotsa mu mpikisano chifukwa chinali chitafika poipa, anachikonza, n'kuchibwezera chaka chotsatira. Apa m'pamene pamaonekera kufunika kwa gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa Les Amis de Paris-Roubaix, limene limalondera timisewuti, kuuza aboma pamene pawonongeka, ndi kugwira ntchitoyo ndi manja awo. Amathandizana ndi achinyamata a m'sukulu zophunzitsa ulimi wa maluwa ndi kakonzedwe ka malo, monga ya ku Raismes, amene amaphunzira kuyala miyala pa msewu weniweni m'malo mwa pabwalo la sukulu.

Kuti munthu amvetse luso lawo, ayambe waona maonekedwe a msewuwo. Unayalidwa ndi msana pakati, wotsetsereka pang'ono mbali zonse ziwiri, kuti madzi a mvula azithamangira kumbali n'kulowa m'ngalande. Moyo wonse wa msewuwo uli pa msana umenewu. Kumapeto kwa chaka alimi amakolola mbatatesi ndi mizu ya beet yopangira shuga, ndipo mathirakitala olemera amadutsa pamenepa nthaka ili yonyowa. Matayala amakanikiza miyala ya m'mbali kuti imire, pamakhala makwawa awiri, madzi amadikha m'menemo, chisanu chimawaumitsa n'kutukula miyala ina. Pakutha zaka zingapo msana umatsala wosongoka, m'mbali muli maenje.

Mmisiri akafika pamalo otere sayamba ndi kukumba. Amayamba wayang'ana kumene madzi akufuna kupita, chifukwa kukonza miyala ngalande ili yotsekeka n'kutaya nthawi. Akatero amazula miyala ya pamalo omirawo ndi chitsulo chachitali, kuipala dothi, n'kuiunjika pambali. Miyala yake ndi yomweyo yakale, kapena ina yakale imene gululi linasunga kuchokera ku misewu yophwasulidwa. Amachotsa dothi lofewa, kuthira miyala yosweka ndi mchenga, kutsendera, kenako kukoka chingwe chosonyeza msinkhu ndi kupendekeka kwa msana. Ndiye amagwada.

Taonani dzanja lake. Amatola mwala, n'kuutembenuza kawiri katatu kuti apeze nkhope imene inasalala ndi mapazi a akavalo ndi mikombero ya ngolo, poti imeneyo ndiyo iyenera kuyang'ana kumwamba. Miyalayi siyofanana: wina wamtali, wina wamfupi, wina wopyapyala kunsi. Ndiye ndi mbali yopyapyala ya nyundo amafukula kadzenje mumchenga koyenera mwala umenewo wokha, kozama ngati uli wamtali, kosaya ngati uli wamfupi. Amaukhazika, n'kuumenya ndi mbali inayo, go, go, akumvetsera. Mwala wokhala bwino umalira mosiyana ndi umene uli ndi mphako pansi. Mizere imayenda mopingasa msewu, ndipo mipata ya mzere uno siyenera kulunjikana ndi ya mzere wotsatira, monga momwe womanga nyumba amapingasitsira njerwa kuti khoma lisang'ambike. Pamsewu nkhaniyi ndi yoopsa koposa, chifukwa mipata ikalunjikana motsata njira imasanduka kangalande komeza tayala lopyapyala la njinga. Pomaliza amatsendera malo onsewo ndi kusesera mchenga m'mipata mpaka itadzaza, kuti mwala uliwonse ugwidwe ndi anzake. Kawirikawiri simenti salowapo. Msewu umalimba ndi kupanikizana kwa miyala yokha, ndipo n'chifukwa chake ungathe kuphwasulidwa ndi kuyalidwanso kambirimbiri.

Chimene chimandigometsa n'chakuti mmisiri wotereyu akhoza kuyala mosalala bwino, luso ali nalo, koma amadziletsa. Malo okonzedwa ayenera kugwirizana ndi oyandikana nawo. Wopalasa akamachoka pa miyala yakale kulowa pa yoyalidwa kumene asakumane ndi chikweza chomudzidzimutsa, komanso asapeze popumulira pamene kale panalibe. Ntchito ikagwirika bwino, pakapita mvula ziwiri zitatu palibe amene angaloze pomwe panakonzedwa.

Udzu nawo uli ndi nkhani yake. Ku Arenberg magalimoto saloledwa, ndiye palibe chopondereza zomera m'mipata, ndipo udzu wonyowa pa mwala ndi woterera koopsa. Popeza ndi m'nkhalango yotetezedwa, mankhwala opha udzu sangathiridwe. Kuyambira mu 2023 amabweretsa mbuzi kuti zidye udzuwo mpikisano usanafike, kenako n'kusesa. Nzeru imeneyi ndimaikonda, chifukwa mlomo wa mbuzi umalowa pakati pa miyala osagwedeza ngakhale umodzi. Vuto lina ndi alendo amene amazula mwala kupita nawo kwawo ngati chikumbutso, osaganiza kuti dzenje limodzilo lingagwetse gulu lonse la opalasa. A Les Amis amayendera msewu masiku omaliza kutseka mabowo oterowo.

Opalasa odziwa amawerenga ntchito ya amisiriwa ndi manja ndi matako. Amakwera pamsana penipeni, pomwe miyala inakhala molimba, amaika giya lolemera, sagwiritsa handulo mwamphamvu, ndipo sachepetsa liwiro, chifukwa njinga yothamanga imadumpha pamwamba pa miyala pamene yoyenda pang'onopang'ono imagwera mumpata uliwonse. Masiku ano amagwiritsa ntchito matayala okulirapo osapopa kwambiri. Mu 2024 Mathieu van der Poel anapambana pa liwiro la makilomita oposa 47 pa ola, ulendo wonsewo. Amayi anayamba mpikisano wawo mu 2021, ndipo Lizzie Deignan wa ku Britain anafika ku Roubaix manja akutuluka magazi.

Palinso luso lina losaoneka, la kulumikiza timisewuti kuti tikhale njira imodzi. Mpikisano umayambira ku Compiègne, ndipo makilomita pafupifupi 100 oyamba ndi a phula. Miyala imayamba cha ku Troisvilles. Zigawozo amaziwerenga chotsitsa mpaka pa 1, ndipo chilichonse chimapatsidwa nyenyezi malinga ndi ukali wake. Za nyenyezi zisanu zilipo zitatu, ndipo zinatalikirana bwino: Arenberg imamwaza gulu, Mons-en-Pévèle imafooketsa otsala, Carrefour de l'Arbre, makilomita osakwana 20 kuti ufike kumapeto, imasankha wopambana.

Njira imeneyi ndi ya aliyense. Tsiku loti mawa mpikisano waukulu, anthu wamba zikwizikwi amapalasa zigawo zomwezi, ndipo masiku ena onse munthu angapite yekha, kuima pamene wafuna. Wopalasa modekhayu amaona zimene akatswiri alibe nthawi yoziyang'ana. Asanalowe m'nkhalango ya Arenberg amadutsa pansi pa nsanja zazitali za mgodi wa ku Wallers, umene unatsekedwa mu 1989. Pamenepa ndi pomwe anajambulira filimu ya Germinal ya mu 1993, yochokera m'buku la Émile Zola lonena za moyo wa okumba malasha, ndipo kuyambira 2012 dera lonse la migodili lili pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa. Ku Mons-en-Pévèle amakwera kaphiri komwe asilikali a mfumu Philippe IV ya ku France anamenyana ndi a ku Flanders mu 1304. Ku Templeuve njira imapita m'mbali mwa chigayo chakale choyendera mphepo cha Vertain.

Malo amene ndimaona kuti munthu ayenera kutsika panjinga ndi Carrefour de l'Arbre. Palibe phiri, palibe mthunzi, ndi minda yokhayokha ndi nyumba imodzi yodyera pamphambano. Komatu m'chidikha chimenechi ndi momwe munachitikira nkhondo ya ku Bouvines pa 27 Julaye 1214, pamene mfumu Philippe Auguste ya ku France inagonjetsa mfumu yaikulu Otto IV ndi anzake. Mmodzi mwa ogwirizana ndi Otto anali mfumu John ya ku England, imene inafooka kwambiri ndi kugonjaku moti chaka chotsatira akuluakulu a dziko lake anaikakamiza kuvomera chikalata chochepetsa mphamvu zake chotchedwa Magna Carta. M'tchalitchi cha ku Bouvines, kamtunda kochepa kuchokera pamsewu wa miyalawo, muli mawindo 21 a magalasi amitundumitundu ofotokoza nkhondoyo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Akanathira phula pa kanjira aka, ndi alendo ochepa akanakhala ndi chifukwa chofikako.

Kuchokera apa kwatsala pang'ono kulowa mumzinda wa Roubaix. Chigawo chomaliza, cha mamita 300, chinayalidwa dala pakati pa msewu waukulu, ndipo pakati pa miyala yake pali ina yolembedwa maina a opambana. Kenako njira imakhotera kumanja kulowa m'bwalo lakale la njinga, momwe mpikisano umathera ndipo wopambana amapatsidwa mphoto yake, mwala wa pamsewu.