Nsapato za Abebe Bikila: Kuunika Kafotokozedwe ka Mbiri ya Ngwazi m'Chinyanja

M'nkhani ino tifuna kuunika mmene mbiri ya Abebe Bikila wa ku Ethiopia imafotokozedwera m'Chinyanja, makamaka m'makalasi a m'boma la Rufunsa, kumene ana ambiri amayankhula Chisoli kunyumba koma amaphunzira kuwerenga m'Chinyanja. Maganizo athu ndi akuti kafotokozedweka kamamulanda munthuyu thukuta lake.

Kawirikawiri nkhani yonse imatsamira pa mawu awiri okha: wopanda nsapato. N'zoona kuti pa 10 Sepitembala 1960, ku masewera a Olimpiki a ku Rome, Bikila anathamanga makilomita 42.195 alibe nsapato, napambana m'maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16. Koma wofotokoza akafika apa amaima, ngati kuti wafika pomwe paphulira nthano. Chimene wachita n'kutenga chikombole cha nthano zathu za mwana wamasiye, wausiwa, amene amagonjetsa ana a mfumu mwa mwayi kapena mwa matsenga, n'kuumbiramo munthu weniweni. Mwana wamasiye wa m'nthano sakonzekera, zinthu zimangomuchitikira. Bikila anali msilikali wolondera mfumu Haile Selassie, ndipo anasulidwa ndi mphunzitsi wochokera ku Sweden, Onni Niskanen. Mu 1964 ku Tokyo anapambananso, atavala nsapato, m'maola 2, mphindi 12 ndi masekondi 11, pasanathe milungu isanu ndi umodzi chichitidwire opaleshoni ya m'mimba. Chigawo chimenechi, chomwe chinachitika patangotsala masiku atatu kuti Zambia ilandire ufulu wodzilamulira, sichimveka kwenikweni, chifukwa nsapato zija zimasokoneza nthano. Ngozi ya galimoto ya mu 1969 imene inamupuwalitsa miyendo, ndi imfa yake mu 1973, zimangotchulidwa mothamanga.

Chikombole chomwechi tachionanso pa mwana wakwathu, Yotham Muleya wa ku Choma, amene mu Disembala 1958 anagonjetsa Gordon Pirie wa ku Britain pa mpikisano wa mamailosi atatu ku Salisbury. Nayenso timamukumbukira ndi mapazi ake, pamene nkhani yaikulu inali tsankho limene linafuna kumuletsa kupikisana ndi azungu.

Vuto lachiwiri ndi la mawu. Ambiri amamasulira marathon kuti "mpikisano wa liwiro". Liwiro m'Chinyanja ndi la kalulu kapena la munthu wothawa njoka: limayaka msanga n'kuzima msanga. Mtunda wa marathon ndi wochepera pang'ono ulendo wochoka ku Lusaka kukafika ku Chongwe, ndipo mwana amene amakwera zitunda za ku Mpanshya m'mawa uliwonse popita kusukulu akudziwa bwino kuti mtunda wotere sufuna liwiro lokha. Umafuna kupirira ndi kusunga mphamvu, zimene mawu oti liwiro amabisa. Chimodzimodzinso mawu oti "ngwazi", amene tawagwiritsa ntchito pamutu pa nkhani ino mozengereza: amaloza ku kulimba mtima, pamene "katswiri" amaloza ku luso lochita kuphunzira. Kwa mphunzitsi wofuna kulemba mbiriyi kuti ana a giredi 7 awerenge, ife tikadasankha "katswiri wa mpikisano wa mtunda wautali", ndipo tikadayambira ku Tokyo, n'kubwerera ku Rome pambuyo pake.