Kuweruza Makina Omasulira Mawu: Woyenera Ndani?

M'mwezi wa Disembala 2014, kampani ya Google idaonjezera Chichewa pa zilankhulo zimene pulogalamu yake ya Google Translate imamasulira. Chiyambire nthawi imeneyo alembi, akonzi ndi aphunzitsi akhala akuiweruza. Ena amaitamanda ikangomasulira bwino malonje, pamene ena amainyoza ikangophonya liwu limodzi. Ziweruzo zonse ziwirizi nzoperewera, ndipo mphunzitsi wozitsata akhoza kusocheretsa ana.

Choyamba, woweruza adziwe Chichewa choposa cha m'tauni. Titenge chitsanzo cha asodzi a m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota. Msodzi akati, "Mwera wakalipa, sitiponya chilimira," akunena mphepo ya m'nyengo yozizira, osati mbali ya kummwera. Akati, "Mtengo wa usipa wakwera," akunena ndalama. Komatu kalembedwe kathu sikasonyeza kukweza kapena kutsitsa kwa liwu, motero mtengo wa malonda ndi wa m'nkhalango umalembedwa chimodzimodzi. Mpasa, nsomba ya mumtsinje wa Bua, imasiyana ndi mphasa yogonapo pa lembo limodzi lokha. Amene sadziwa izi sangaone pamene makina apunthwa.

Chachiwiri, adziwe mmene makinawo amagwirira ntchito. Iwo amaphunzira kuchokera ku zolembedwa zimene anthu adamasulira kale. Mawu a padoko salembedwa kawirikawiri, choncho makina akawaphonya, mbali ina ya mlandu nja ife amene sitidawalembe. Ndiponso makinawa amakonzedwa nthawi ndi nthawi. Nchifukwa chake woweruza alembe tsiku limene adawayesa pamodzi ndi ziganizo zimene adayesera, kuti wina athe kubwereza.

Chachitatu, asakondere. Womasulira amene akuopa kulandidwa ntchito, kapena munthu amene amapindula ndi malonda a pulogalamuyo, aulule zimenezi poyera. Akamayerekeza mapulogalamu awiri, awapatse ziganizo zofanana. Malamulo a kalembedwe a 1990 amuthandize kuweruza masipelo, koma asawasandutse chikwapu chokanira liwu la kunyanja pachifukwa choti kwawo silimveka.

Tikupempha akonzi kuti asasindikize chiweruzo cha munthu mmodzi chisadaunikidwe ndi katswiri wa chilankhulo, katswiri wa makompyuta ndiponso mwini mawuwo, amene ndi msodzi uja. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.