Nzeru Zokhota za Izeki ndi Jakobo

John Nyanga adamwalira mu 2016, Eric Mabedi mu 2021, koma kwathu ku Chiradzulu anthu akadagwabe ndi phwete akaonera Izeki ndi Jakobo pa kanema. Kodi chimatiseketsa nchiyani?

Ena amati ndi zovala ndi nkhope zao. Ine ndikukana. Luso la amuna awiriwa lidali m'kaganizidwe. Izeki sankangobwebweta ai. Ankayamba ndi mfundo yoona, nkuyenda nayo bwinobwino mpaka kukagwera nayo m'dzenje, uku Jakobo akuvutika kumubweza.

Tiyerekeze motere. Munthu wauzidwa kuchipatala kuti amwe mankhwala masiku asanu. Iye akuti: “Ngati mankhwalawa achiza pa masiku asanu, ndikamwa onse lero ndichira madzulo ano.” Masamu ake akumveka, koma mathero ake ndi kumanda. Timaseka chifukwa kwa kamphindi nafenso tidavomera. Ndiye kuti tikudziseka tokha, pakuti maganizo otere timawamva tsiku ndi tsiku pamaliro, pabwalo la milandu ndi pamisonkhano ya ndale.

Apa mpamene ambiri otsanzira awiriwa amaphonya. Amayesa kuti kukuwa ndi kuvala sanza ndiye nthabwala. Mapeto ake timangonyoza munthu wakumudzi, osaphunzirapo kanthu.

Anzanga olemba masewero, chitsiru chanu chipatseni zifukwa zomveka. Chikapanda zifukwa, oonera sadziona mwa icho, ndipo amatuluka akuganiza kuti wopusa ndi mnzao yekha.