Mwezi ndi Sikisi: Kodi Analipira Ndani?

Achikulire amene anagulapo mchere kusanabwere kwacha ndi tambala m'chaka cha 1971 akukumbukira kandalama kaja tinkakatcha sikisi. Kandalama kameneka kali m'dzina la buku limene tifuna kulisanthula mwezi uno, The Moon and Sixpence, ndiye kuti Mwezi ndi Sikisi, limene Mngelezi W. Somerset Maugham anatulutsa mu 1919. Mwezi uimira chinthu chimene mtima wa munthu uchilakalaka, pamene sikisi ndiyo ntchito ya masiku onse yodyetsa banja. Funso lakeli si lachilendo m'makomo mwathu, pakuti makolo ambiri anagonapo osaona tulo mwana wao atawauza kuti afuna kusiya ntchito ya mu ofesi kuti aziimba kapena kujambula.

Mwininkhani ndi Charles Strickland, bambo wa zaka ngati 40 wogula ndi kugulitsa masheya a makampani mu mzinda wa London. Atakhala m'banja zaka 17, tsiku lina angothawira ku Paris natumiza kakalata ali komweko, kusiya mkazi ndi ana awiri opanda thandizo. Abale ayesa kuti wathawa ndi mkazi wina, koma amene atumidwa kukamufuna amupeza yekha m'kachipinda kauve, ndipo chifukwa chake nchimodzi: afuna kujambula zithunzi. Atadwala mwakayakaya, mnzake wachifundo Dirk Stroeve amutengera kwao. Strickland atachira alanda mkazi wa mnzakeyo, Blanche, ndipo atatopa naye amutaya, mpaka mayiyo adzipha pakumwa mankhwala. Pomaliza Strickland afika pa chilumba cha Tahiti, kumene ajambula zodabwitsa pa zipupa za nyumba yake, nafa ndi khate ali wakhungu, atalamula kuti nyumbayo itenthedwe.

Tiyambe ndi kuyamika. Maugham sabisa nkhanza za munthuyu, ndiponso aonetsa bwino kuti luso lotsekeredwa mumtima limazunza mwini wake ngati njala. Kholo limene liyesa kuti mwana wofuna kuimba ndi waulesi chabe lingaphunzirepo kanthu. Mlembiyu ankadziwa chimene ankanena, chifukwa iye mwini anaphunzira udokotala pa chipatala cha St Thomas ku London, ndipo atamaliza mu 1897, chaka chomwe buku lake loyamba linatuluka, anausiya nayamba kudya za cholembera.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sikelo ya bukuli ndi yopendekeka. Zithunzi za Strickland zitamandidwa m'masamba ambiri, pamene mkazi wosiyidwa uja, amene anaphunzira kutayipa natsegula kaofesi kake kuti apeze chakudya, asekedwa kuti ngwokonda maonekedwe. Ana, amene analeredwa ndi mbale wa mayi wao, sitimva konse kulira kwao. Choncho wowerenga wachinyamata atseka bukuli ali ndi maganizo akuti munthu waluso ali ndi chilolezo chopondereza anzake. Dzina lenilenilo lichepetsa mbali imodzi: ndani angasankhe sikisi kusiya mwezi? Koma sikisi imene Strickland anaiponya pansi sinali yake yekha ai. Inali nsima ndi sukulu ya ana ake.

Mbiri yeniyeni itithandiza pano. Maugham anaumba Strickland poyang'ana moyo wa Paul Gauguin, mmisiri wa zithunzi wa ku France, amene anabadwa mu 1848. Iyenso ankagwira ntchito ya masheya, koma sanadzuke tsiku limodzi nkuisiya monga bukuli lisimbira. Anajambula zaka zambiri pa nthawi yake yopuma, ndipo chimene chinamukankha ndi kugwa kwa msika wa masheya ku Paris mu 1882. Mu 1885 anasiya mkazi wake Mette ndi ana ku Copenhagen, ndipo mayiyo anasenza banja la ana asanu pakuphunzitsa Chifalansa. Gauguin anapita ku Tahiti mu 1891 osadzawaonanso. Kumeneko ankakhala ndi atsikana aang'ono kwambiri, chinthu chimene luso lililonse silingachiyeretse. Mu 1897 mwana wake Aline anamwalira ndi chibayo, bambo ali kutsidya kwa nyanja. Chaka chomwecho anayamba chithunzi chake chachikulu chimene chili ku Boston, chofunsa kumene tichokera, chimene tili, ndi kumene tipita. Mafunso otere amveka ngati a katekisimu, ndipo nzosadabwitsa, popeza ali mnyamata anaphunzira pa seminale yaing'ono pafupi ndi Orléans. Anamwalira mu 1903 pa chilumba cha Hiva Oa, ali wosauka ndi wodwala. Zithunzi zake nzokongoladi, koma ngongole yake analipira ndi ena.

Chodabwitsa nchakuti yankho labwino lili m'buku lomweli, m'kankhani kakafupi kamene ambiri amakadumpha. Dokotala wina wachinyamata, Abraham, wanzeru kuposa anzake onse, anali pafupi kulandira udindo waukulu pa chipatala cha ku London. Ali pa tchuthi anafika ku Alexandria, mtima wake nukhazikika pomwepo, ndipo analemba kalata yosiya ntchito. Anakhala moyo wosalira zambiri, akugwira kantchito ka boma, ali ndi mkazi ndi ana, wokhutira. Udindo uja unagwera mnzake Carmichael, amene analemera natchuka, namayesa Abraham wopanda nzeru. Onani tsono kusiyana kwake: Abraham anataya ulemu ndi chuma zimene zinali zake, pamene Strickland anataya anthu amene analonjeza kuwasunga. Woyambayo analipira yekha. Winayo analipiritsa ena.

Nchifukwa chake tikana ganizo lakuti njira zilipo ziwiri zokha, kuthawa kapena kufota. Samuel Ntara analemba Nthondo, buku la mu 1933, ali mphunzitsi, ndipo choko sichinaphe cholembera chake. Tikananso ganizo la makolo ena lakuti ntchito ya malipiro a pamwezi ndiyo yokha yolemekezeka, pakuti mphatso yokwiriridwa pansi tidzafunsidwa nayo mlandu.

Inu achinyamata, nthawi yoyesa luso lanu ndi ino musanamange banja, pamene njala ikabwera idzakhala yanu nokha. Walira mvula walira matope. Inu amene muli kale pabanja, khalani pansi ndi mnzanu, muwerengere limodzi ufa, lendi ndi fizi, ndipo ngati iye sanavomere ndi mtima wonse, nthawi sinakwane. Inunso makolo, mwana akabwera ndi nkhani yotere musathamangire kukalipa. Mufunseni modekha kuti wayeserera zaka zingati, adzadya chiyani chaka choyamba, ndipo zikakanika adzalira ndani.

Bukuli liwerengeni, makamaka pamodzi ndi ana anu a ku sekondale, koma pofika kumapeto mufunsane funso limene Maugham sanalifunse mokwanira: kodi ana awiri aja anamva bwanji m'mawa umene anauzidwa kuti bambo wao sabweranso?