Kodi Fosifeti ndi Mchere? Kuunika Mau Ophunzitsira Ana Odwala Impso ndi Mabanja Awo

Mu mzinda uno wa Gaborone muli mabanja ochokera ku Malaŵi ndi kum'maŵa kwa Zambia amene pakhomo amayankhula Chicheŵa. Mwana wa m'banja lotere akadwala impso natumizidwa ku chipatala chachikulu monga cha Princess Marina, malangizo amayamba m'Chingerezi, amadutsa m'Setswana, ndipo pofika kwa agogo amene amaphika pakhomo amakhala atasanduka Chicheŵa cha wotanthauzira wongodzipereka. Zomwezi zimachitika ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kungoti kumeneko zilankhulo ndi ziŵiri. Mu pepala lino tifuna kuunika mau amene amasankhidwa pa ulendo umenewu, makamaka pophunzitsa za fosifeti, popeza tikukhulupirira kuti ena mwa mauwo amasokeretsa banja pa chinthu chimene chingapundule mwana.

Tiyambe ndi nkhani ya m'thupi. Fosifeti timaidya tsiku ndi tsiku, ndipo magawo 85 pa 100 alionse a imene ili m'thupi amakhala m'mafupa ndi m'mano. Yotsala pa zofunika impso zimaitaya mu mkodzo. Impso zikafooka fosifeti imachuluka m'magazi, vitamini D wogwira ntchito amachepa, ndipo tiziŵalo ta m'khosi totchedwa parathyroid timayamba kukoka kashiamu kuchokera m'mafupa. Kwa mwana amene akukula zotsatira zake ndi kupinimbira, miyendo yopindika, kuŵaŵa kwa mafupa ndi kuyabwa kwa khungu; pakapita zaka mitsempha ya magazi imauma chifukwa kashiamu ndi fosifeti zimaundana m'makoma ake. Choipa n'chakuti zonsezi zimayamba mwakachetechete. Mwana sadandaula tsiku limene wadya mosayenera, kotero chimene banja lingadalire ndi mau okha amene linauzidwa.

Mau oyamba amene tikutsutsana nawo ndi akuti mchere. Otanthauzira ambiri, pofuna kuthaŵa mau achilendo, amati fosifeti ndi mchere wa m'thupi kapena mchere wa m'mafupa. Kwa katswiri wa sayansi palibe bodza pamenepa, pakuti m'chiphunzitso chake fosifeti ili m'gulu la michere. Koma kwa mayi wa pamoto mchere ndi umodzi wokha, wothira m'ndiwo. Tsono mwana wodwala impso amauzidwanso kuchepetsa mchere weniweniwo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo kaŵirikaŵiri amauzidwa za potaziyamu, imene wotanthauzira yemweyo aitchanso mchere. Zinthu zitatu zosiyana, za zakudya zosiyana ndi zoopsa zosiyana, zaloŵa m'dzina limodzi. Mayi abwerera kunyumba, aleka kuthira mchere mu mphika, napitiriza kumpatsa mwana polony ndi chakumwa cha kola ali ndi mtima woti wamvera dokotala. Sitingamuimbe mlandu, anamva bwino lomwe chimene anauzidwa. Anzathu a Setswana atiuze ngati mau awo akuti letswai sagwera m'dzenje lomweli pophunzitsa za matenda a diphilo.

Ife tikuti mau akuti fosifeti abwerekedwe monga momwe alili. Mwambo wokonda kupeka mau m'malo mobwereka, umene unakula m'masiku a Chichewa Board pakati pa 1972 ndi 1995, unatipatsa mau ena abwino, koma pano suthandiza. Azungu enieniwo dzinali anabwereka kwa Agiriki, kumene limatanthauza chonyamula kuŵala, ndipo Hennig Brand anapeza fosiforasi mu 1669 ku Hamburg poŵiritsa mkodzo, njira yomwe impso zabwino zimaitayira. Komanso mauŵa si achilendo kwenikweni kwa mlimi amene anagulapo feteleza wa 23:21:0+4S, pakuti nambala yapakatiyo ikunena za fosifeti. Fanizo limeneli n'lothandiza: chimera chimaifuna kuti chikule, mwananso amaifuna, koma mwa muyeso. Dzina lachilendo lili ndi ubwino umodzi umene dzina lozoloŵereka lilibe, ndiwo wakuti womvera amadziŵa kuti sakulidziŵa ndipo amafunsa.

Mau achiŵiri ndi a mankhwala amene m'Chingerezi amatchedwa binders, monga calcium carbonate, calcium acetate ndi sevelamer. Kutanthauzira kotsata liu ndi liu kumatipatsa mankhwala omanga, ndipo womvera angaganize msanga za mankhwala oletsa kutsekula m'mimba. Ntchito yake yeniyeni ndi kugwira fosifeti ya m'chakudya isanaloŵe m'magazi, kuti ituluke ndi chimbudzi. Mneni woyenera ndi kukola, monga ukonde ukola nsomba, ndipo mwana wa zaka 7 angamve kuti ukonde woponyedwa nsomba zitadutsa kale sukola kanthu. Apa ndi pamene chilankhulo chimakhudza moyo, chifukwa chizoloŵezi chathu cha mankhwala ndi cha m'maŵa, masana ndi madzulo. Mapiritsi aŵa akamwedwa m'mimba mulibe kanthu amapita pachabe. Pa kapepala payenera kulembedwa kuti amwedwe pamodzi ndi chakudya, ngakhale kachakudya ka pa nthaŵi yopuma kusukulu, ndipo mau akuti katatu pa tsiku asaime okha.

Koma cholakwa chachikulu sichili m'mau amodziamodzi. Chili m'ndandanda ya zakudya. Malangizo a bungwe la KDIGO a mu 2009, amene anakonzedwanso mu 2017, ndiponso a Pediatric Renal Nutrition Taskforce a mu 2020, ndi anzeru ndithu. A mu 2020 amanena momveka kuti kuchepetsa fosifeti kusachititse mwana kusoŵa chakudya chomukulitsa. Timapepala tochokera m'malangizo otere timalembedwa poganizira khitchini ya ku London, ya tchizi ndi chokoleti, ndipo tikamasuliridwa mzere ndi mzere timatchula zimene banja silidya n'kusiya zimene limadya. Usipa, matemba ndi kapenta zimadyedwa ndi minga yomwe, motero zili ndi fosifeti yambiri, koma simudzazipeza m'ndandanda yomasuliridwa. Chambiko, chimene kuno chifanana ndi madila, sichitchulidwa. Ubwino wa kuŵiritsa nyama ndi kutaya madzi ake, njira imene imachotsa gawo la fosifeti, sufotokozedwa m'mau a pa mafuwa.

Choopsa china ndi kuletsa nyemba, nandolo, nzama ndi nsinjiro mwachisawawa. N'zoona kuti zili ndi fosifeti, koma yambiri ndi yomangika m'njira yakuti matumbo a munthu samwa ngakhale theka lake. Ya m'nyama ndi mu mkaka imaloŵa pafupifupi theka kapena kuposerapo, pamene yothiridwa m'fakitale, m'soseji, mu polony, mu baking powder wa mandasi ndi m'zakumwa za kola, imaloŵa pafupifupi yonse. Banja losauka likauzidwa kuleka nyemba limatsala ndi nsima ndi masamba, ndipo mwana amene matenda amuchotsera kale chilakolako cha chakudya amaonda. Phunziro loyamba liyenera kukhala la zogula m'sitolo, zimene ku Gaborone zachuluka kuposa kumudzi kwathu: kufunafuna zilembo zinayi za phos pa paketi, kapena manambala monga E338, E339, E450 ndi E451. Ngakhale agogo osaŵerenga Chingerezi angazindikire zilembo zinayi, ndipo mwana wa sukulu amakondwa kupatsidwa ntchito yofufuza yotere. Mayi woyamwitsa naye ayenera kumva kuti mkaka wa m'maŵere uli ndi mamiligalamu pafupifupi 15 a fosiforasi pa mamililita 100, pamene wa ng'ombe uli ndi oposa 90, kuti asaleketse mwana kuyamwa poganiza kuti mkaka wonse waletsedwa.

Tikhudzenso za amene akuyankhulidwa. Chingerezi chili ndi you mmodzi, ndipo womasulira amasankha iwe kapena inu mosaganizira. Kapepala kodzala ndi usadye, usamwe, kamaika katundu yense pa mwana, chonsecho sagula ndipo saphika. Kodzala ndi musampatse kamamveka m'makutu a agogo ngati kuwauza kumana mdzukulu chakudya, chinthu chochititsa manyazi pakati pathu, makamaka pamene ana adyera mbale imodzi. Tayesa ziganizo zoyamba ndi tiyeni timuphikire ndiponso m'malo mwa ichi timpatse ichi, ndipo taona kuti zimalola azakhali ndi agogo kuloŵa m'nkhaniyo popanda kumva ngati akudzudzulidwa. Mwana wamkulupo, wa zaka 12 kapena kuposa, afunika kapepala kakekake, ka iwe waubwenzi, konena za ndalama ya m'thumba ndi zimene anzake amagula pa geti la sukulu.

Ntchito imene yatsala ndi ya anthu a zilankhulo pamodzi ndi anamwino ndi akatswiri a zakudya. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inayamba mu 1996, ndi Dipatimenti ya Zilankhulo za mu Africa pa University of Botswana zingathe kugwirizana pa mau atatu osiyana a sodiyamu, potaziyamu ndi fosifeti, n'kuwayesa pa mabanja enieni asanasindikizidwe. Kuyesako n'kosavuta: mayi akamva malangizo, afunsidwe chimene aphike maŵa ndi nthaŵi imene mwana amwe piritsi lake.