Ashoka wa m'Nthano ndi Ashoka wa pa Thanthwe

Mwa mafumu onse amene analamulira dziko la India m'masiku a makedzana, palibe amene mbiri yace inafika kutali monga Ashoka, mdzukulu wa Chandragupta, wa banja la Maurya. Iye analowa ufumu ku Pataliputra, kumene lero kuli mzinda wa Patna, ca m'caka ca 268 Kristu asanabadwe, nalamulira kufikira ca m'ma 232. Koma munthu wofuna kudziwa moyo wace apeza mboni ziwiri zosamvana. Yoyamba ndiyo mabuku a nthano olembedwa ndi otsata Buddha, makamaka Ashokavadana la m'cinenero ca Sanskrit, ndi Mahavamsa la ku cisumbu ca Sri Lanka. Yaciwiri ndiyo mau amene mfumuyo inalamula kuti azokotedwe pa matanthwe ndi pa nsanamira za miyala. Tiyeni tiziitane pa bwalo mboni izi, tizifunse monga afunsira akulu pa mlandu.

Nthano zimuonetsa Ashoka poyamba ngati cirombo. Ashokavadana liti anali wa khungu lokakala, kotero kuti atate wace Bindusara sanamkonde. Liti anadula mitu ya nduna 500 ndi dzanja lace. Liti anatentha akazi 500 a m'nyumba mwace cifukwa anathyola maluwa a mtengo umene iye anaukonda. Ndiponso kuti anamanga ndende yokongola kunja kwace, koma m'kati mwace munali mozunzira anthu. Mahavamsa lionjeza kuti anapha abale ace 99 polimbirana ufumu. Pambuyo pace, atakomana ndi munthu wodzipatula wa cipembedzo ca Buddha, anatembenuka mtima, namanga ziulu zopatulika 84,000 zosungiramo zotsala za thupi la Buddha.

Wowerenga wanzeru ayenera kuima pano. Mabuku awa analembedwa patapita zaka mazana angapo mfumuyo itafa, ndipo Mahavamsa patapita zaka pafupi 700. Mawerengero ace ndi a munthu wokamba nthano pa moto: nduna 500, akazinso 500, monga ngati imfa inali kuyesa ndi muyeso. Za abale 99 zitsutsidwa ndi thanthwe lina, pamene mfumu ichula nyumba za abale ace ndi alongo ace patapita zaka zambiri cilowere ufumu. Cifukwa ca kukuza zoipazi sicibvuta kuciona. Sing'anga atamandidwa monga mwa kukula kwa nthenda imene anaciza, ndipo alembi aja anafuna kuti mankhwala a cipembedzo cao aoneke amphamvu. Coipitsitsa ndi cakuti Ashokavadana lisimba mopanda manyazi kuti mfumu yotembenukayo inaphetsa anthu 18,000 a cipembedzo ca Ajivika cifukwa ca cithunzi cimodzi conyoza Buddha. Pamenepo tikumva mtima wa mlembi, pakuti Ashoka mwini wace analemba pa thanthwe kuti munthu wonyoza cipembedzo ca mnzace aononga cace comwe.

Mau a pa miyala anakhala cete nthawi yaitali, anthu ataiwala kawerengedwe ka malemba ace, kufikira James Prinsep anawamasulira mu 1837. Wolankhulamo adzicha Devanampiya Piyadasi, ndipo dzina lakuti Ashoka linapezeka pa thanthwe la ku Maski mu 1915. Kumeneko timva liu lina ndithu. M'caka cacisanu ndi citatu atadzozedwa, anathira nkhondo dziko la Kalinga. Iye mwini awerenga kuti anthu 150,000 anatengedwa ukapolo, 100,000 anaphedwa, ndipo ena ocuruka koposa anafa pambuyo pace. Nanena kuti anamva cisoni cacikuru. Mafumu ambiri a dziko lapansi anazokota pa miyala kupambana kwao. Amene anazokota kulapa kwao ndi owerengeka. Codabwitsa ndi ici, kuti nthano zija, zokonda mwazi cotere, sizichula nkhondo ya Kalinga ngakhale pang'ono.

Ndiponso pa miyala palibe kutembenuka kwa tsiku limodzi. Mfumu ibvomera kuti inakhala wotsata Buddha caka cathunthu yopanda cangu ceni-ceni. Inenanso kuti kale nyama zosawerengeka zinali kuphedwa tsiku ndi tsiku kuti zikhale ndiwo za kwa mfumu, koma tsopano zitatu zokha, mbalame ziwiri za pikoko ndi nswala imodzi, ndipo nswalayo si masiku onse. Ine ndikhulupirira mau awa koposa ziulu 84,000, cifukwa munthu wofuna kudzitama sakadachula mbalame ziwirizo.

Komabe tisaiwale kuti mwala unena cimene mwini wace anaulamula. Mau a kulapa aja anazokotedwa m'maiko akutali, kufikira ku mapiri a kumpoto, koma pa matanthwe a Dhauli ndi Jaugada, m'dziko la Kalinga lomwelo, anawasiya, naikapo malangizo kwa akapitao ace. Ana amasiye a nkhondoyo sanauzidwe kwao kuti mfumu inalira. Palibe pamene anena kuti anabweza akapolo aja, ndipo Kalinga anakhalabe m'manja mwace. M'mau omwewo a cisoni acenjeza anthu a m'nkhalango kuti mphamvu akali nayo. Cilango ca imfa sanacicotse. Anangopatsa oweruzidwa masiku 3 akukonzekera. Zitsime zimene anakumba ndi mitengo ya mthunzi imene anabzala m'mbali mwa miseu tizidziwa cifukwa iye mwini atiuza.

Kodi tsono nthano tizitaye? Iai, pakuti m'Ashokavadana muli nkhani imodzi yoposa zonse, ya ukalamba wace. Mfumu inalonjeza kupereka cuma cambiri kwa odzipatula a Buddha, koma mdzukulu wace Sampadin, pomvera nduna, anatseka mosungira cuma. Pamenepo nkhalambayo inayamba kutumiza mbale zace zagolidi zimene inali kudyeramo. Anaipatsa zasiliva, nizitumizanso, kufikira anaidyetsa m'mbale zadothi. Potsiriza inatsala ndi theka la kacipatso ka amalaka. Inafunsa nduna zace kuti mwini dziko ndani. Izo zinati ndi iyeyo, ndipo iye, misozi iri m'maso, anati zinama. Anatumiza kacipatsoko ku nyumba ya Kukkutarama, kumene anakasinja nakathira mu msuzi kuti onse alaweko.

Pano mlembi waleka kuwerenga mazana, ndipo wayamba kupenya munthu. Yense amene anaonapo nkhalamba ya ulemu ikulandidwa mau ndi ana ace, amene akali kuigwadira, adziwa kuti nkhaniyi ndi yoona m'njira yace, ngakhale palibe thanthwe loicitira umboni. Akadalekeza pa msuziwo, bwenzi palibe comdzudzula naco. Koma iye anaonjeza kuti mfumu isanafe inapereka dziko lonse kwa odzipatulawo, ndi kuti nduna zinaliombola ndi golidi, kuti lonjezo lija likwanire. Motero nkhani ya munthu wotsala ndi theka la cipatso ithera pa kuwerenga cuma cimene cinalowa m'nyumba ya anzace a mlembiyo.