Maluwa a chitenje ndi lumo la telala ku Kafue Estates

Kafue Estates si mudzi wa fuko limodzi. Nyumba zake anamangira anthu apantchito pamene boma la Kenneth Kaunda, kudzera ku bungwe la Indeco, linkadzutsa mafakitale m'tauni ya Kafue, makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa Lusaka. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, a Bata ankafufuta zikopa, ndipo Kafue Textiles inkapota thonje, kuwomba nsalu ndi kudinda zitenje. Ntchito itaitana anabwera Atonga, Abemba, Alozi, Ansenga, Akaonde, Achewa ndi Angoni, aliyense ndi ndiwo zakwawo ndi kaliridwe kake ka maliro. Khomo la Mlozi wa ku Mongu linkayang'anizana ndi la Mchewa wa ku Katete. Zilankhulo zinali zambiri, koma pachingwe choyanikira zovala pankalendewera nsalu ya mtundu umodzi. Nsaluyo timaivala tsiku ndi tsiku mpaka tinaleka kuipenyetsetsa, chonsecho ndi ntchito ya amisiri, ndipo ili ndi pokometsa ndi polakwitsa.

Mmisiri woyamba ndi wojambula maluwa. Pamakina odindira, utoto uliwonse uli ndi chitsulo chake chozungulira, ndipo nsalu imadutsa pansi pa zitsulozo motsatana. Chimodzi chikangochedwa pang'ono, chikasu chimasefukira kunja kwa tsamba, diso la nkhanga n'kukagwera pakhosi. Wojambula ayeneranso kuwerengera kuti duwa likamabwerezedwa polumikizira pasaoneke, ndiponso kuti wogulitsa akamadula mamita awiri asadule tambala pakati. Zimenezi ndi masamu, koma maso a mayi wogula amazigwira msanga kuposa tepi.

N'chifukwa chake amayi pamsika amayamba atembenuza nsalu. Chitenje chodindidwa ndi phula, luso limene Adatchi a kampani ya Vlisco ku Helmond anatengera ku batik ya ku Java, chimamwa utoto mbali zonse ziwiri ndipo chimakhala ndi timing'alu tosonyeza pomwe phula linasweka. Chodindidwa pamwamba pokha chimakhala chotuwa kunsi. Akatero amatikita pangodya kuti aone ngati kulimbako n'kwa thonje kapena kwa sitachi amene athere m'beseni tsiku loyamba kuchapa. Sindikunena kuti chotuwa kunsi n'choipa. Chikakhala cha thonje labwino, utoto wake wosachucha, chimabereka ana atatu osang'ambika.

Pamene ojambula athu amaphonya kawirikawiri ndi pa zitenje za nkhope. Kuyambira masiku a UNIP, chipani cha Kaunda, mpaka lero, chipani chilichonse chimadinditsa mtsogoleri wake mkati mwa bwalo, ndipo mipingo nayo imatero ndi oyera mtima ndi zizindikiro zake. Wojambula amaganiza za nsalu yotambasulidwa ngati mbendera, n'kuika nkhope pakatikati. Koma chitenje chimazungulira thupi, nsonga zake zimakumana kutsogolo kapena m'mbali, ndiye chapakaticho chimakagwera kumbuyo. Msonkhano ukatalika, mtsogoleri uja amakhaliridwa pabenchi ndi omutsatira ake omwe. Wodziwa ntchito amachepetsa nkhope, n'kuibwereza m'malo angapo, kapena kuitsitsira kumpendero kumene imaoneka munthu akamayenda. Ameneyo ndiye amakumbukira kuti akujambulira chiuno.

Komatu chitenje chochoka kufakitale ndi ntchito yosatha. Amaimaliza ndi telala wa pakhonde ndi mwini wovala, ndipo apa m'pamene kusiyana kwa anthu a ku Estates kumaonekera. Mayi wachilozi amafuna musisi: siketi yotambalala yodya nsalu yambiri, bulawuzi yake ndi kansalu kokulunga m'chiuno, chovala chimene chinakula ku Barotseland potengera madiresi a akazi a amishoni ndipo chimadzaza maso pa mwambo wa Kuomboka. Mnzake wa ku Copperbelt amafuna manja otukumuka ndi duku lalitali, masitayelo amene analowa kuchokera ku Zaire, kumene Mobutu m'zaka za m'ma 1970 analimbikitsa akazi kuvala nsalu m'malo mwa zovala za Azungu. Wa kummawa mwina safuna lumo n'komwe. Amangokulunga pamwamba pa siketi akamapita kwa apongozi kapena kumaliro, ndipo kamangidwe kakeko kamanena ngati analangizidwa.

Wofuna kuweruza atelala apite ku kitchen party. Akomiti amasankha nsalu imodzi, mayi aliyense n'kupita nayo kwa telala wake, ndipo patsikulo duwa lomwelo limalowa m'holo litasokedwa mosiyanasiyana. Pamenepo palibe pobisala. Telala waluso amakumanitsa maluwa pamsoko wakumsana kotero kuti theka la kumanzere ndi la kumanja zipange duwa lathunthu. Amaonetsetsa kuti mbalame zonse zayang'ana kumwamba, pakuti waulesi amazondotsa za padzanja limodzi pofuna kupulumutsa kachidutswa. Amabisanso malemba a m'mphepete, ngakhale pali makasitomala ena amene amapempha dala kuti dzina la kampani lionekere, anzawo adziwe mtengo. Chimene chimandinyansa ine ndi kuunjika: lesi, mikanda, timaluwa tosokerera, zonsezo pansalu imene ili kale ndi mitundu isanu. Chitenje cha maluwa akuluakulu chimafuna msoko wochepa kuti duwalo lipume.

Ku Israel kunali nkhani yofananako imene inayenda njira ina. Mu 1954 Ruth Dayan anayambitsa Maskit, kampani imene inkasonkhanitsa ntchito zamanja za anthu obwera kuchokera ku Yemen, Morocco ndi maiko ena, pamodzi ndi zopetapeta za akazi achiarabu, n'kuzisandutsa zovala zapamwamba. Kumeneko aliyense anabwera ndi luso lakwawo, ndipo wokonza masitayelo ndiye ankasankha choti chilowe. Ku Kafue makina anapatsa onse nsalu yofanana, kusankha n'kutsalira mwini thupi. Njira ya ku Kafue siipatsa munthu dzina, koma chikhalidwe chake chimakhala pathupi Lolemba ndi Lachiwiri lomwe, osati m'sitolo ya alendo yokha.

Boma la Frederick Chiluba litatsegula msika kuyambira 1991, salaula (zovala zovalidwapo kale) ndi nsalu zakunja zotsika mtengo zinasefukira m'dziko. Karen Tranberg Hansen analemba buku lathunthu pa nkhaniyi, Salaula, lomwe linatuluka mu 2000. Kafue Textiles inafooka mpaka makina anaima m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe inatsekedwa mu 2007. Anthu amadandaula za ntchito zomwe zinatha, ndipo n'zoona. Koma panatayikanso chinthu china: nsalu inkadindidwa m'tauni yomweyo imene inkavalidwa, moti wogwira ntchito pamakina ankakumana ndi zolakwa zake pamsika Loweruka. Lero zitenje zambiri zimabwera m'mabelo kudzera ku msika wa Kamwala ku Lusaka, ndipo wojambula wake sadzamva konse dandaulo la mayi wa ku Estates.

Zambiri mwa zotsika mtengozo n'zosakaniza ndi poliyesitala. Mitundu yake imawala ndithu, ndipo sizisuluka msanga. Koma sizimwa thukuta m'mwezi wa Okutobala, simbi ikatentha kwambiri zimakhwinyata, ndipo mfundo yake imaterereka, moti mayi wobereka mwana amayenda akuimanganso. Atelala aphunzira kuziikira nsalu ina yamkati kuti zigwire thupi, ndipo mtengo wa nsalu yamkatiyo amauwonjezera pa wosoketsa.